Telala wa ku Songani Sanabe Mbale

Abambo anzanga, moni nonse. A mkulu wa mpingo atandipempha kuti ndidzayankhule pa msonkhano uno, ndinayamba ndakana. Sindine munthu wa mawu ambiri. Komanso amene anaima pano m'miyezi yapitayi anakamba za mowa, za juga, za akazi apambali, mavuto amene aliyense amawamva msanga. Langali mukhoza kuliseka. Mowa sindimwa, kundende sindinagoneko. Koma ndinali wakuba, ndipo zimene ndinkaba ndi mbale za galamafoni.

Ndaona ena mwayamba kale kuseka. Palibe kanthu. Mungondimvera mpaka kumapeto.

Ndine Malunga, wa konkuno ku Chinamwali. Ndimagwira ntchito yosindikiza mabuku, ndipo mbali yanga ndi yofufuza zolakwika tsamba lisanapite ku makina. Chilembo chimodzi chikasowa, ndimachiona. Anthu ankandidziwa kuti ndine munthu wosamala.

Tinalipo anayi okonda jazi, makamaka yakale ija ya mabandi akuluakulu a ku Amereka, ya malipenga ambirimbiri oimbira pamodzi. A Makwinja, amene anapuma ntchito mu bandi ya asilikali komwe ankaimba lipenga, ndiwo anali ndi galamafoni yabwino, ndiye tinkakumana pakhonde pawo ku Zakazaka Loweruka lililonse masana. A Chipojola ankagwira ntchito ku yunivesite, ndipo tinkangowatcha aphunzitsi. Che Saidi anali telala wa ku Songani. Ankabwera pa njinga ndi chikwama chachikulu cha zovala zoti akapereke kwa eni ake m'tauni. Wachinayi ndinali ine.

Macheza athu anali omwewomwewo sabata ndi sabata, koma sitinkatopa nawo.

"Imvani apo," a Makwinja ankatero, chala chili m'mwamba. "Malipenga anayi, mpweya umodzi. Ana a masiku ano amangokhala mmodzi pa kiyibodi, kudinadina ngati akusoka malaya."

"Kusoka mwakupeputsa bwanji, akulu?" Che Saidi ankayankha. "Bandi yanu ija ndinaionerapo pabwalo. Wang'oma ankathamanga ngati waona mvula ikutsika kuphiri."

"Ng'oma ya asilikali sithamanga, Che Saidi. Imaguba."

"Ndiye tsiku limenelo inkaguba kupita kwawo."

A Chipojola ankakhala atatembenuza chikuto cha mbale, kutiwerengera chaka chimene inajambulidwa, mzinda wake, ndi amene anakhala pa piyano. A Makwinja ankawadula: "Aphunzitsi, nyimbo ili mkati. Chikutocho sichilira." Kenako unkabwera mkangano wa nthawi zonse, woti bandi imaima pa malipenga kapena pa masakisofoni, ndiponso ngati mbale zakale zolemera zija, zosachedwa kusweka, zimaliradi bwino kuposa zopepuka zobwera pambuyo. Palibe anagonjapo.

Mbalezi sizinkapezeka m'sitolo. Tinkachita kuzisaka. M'nyumba zakale za pamwamba pa phiri la Zomba, zimene azungu anasiya, munkatsala makatoni ake, ndipo alonda sankadziwa chochita nazo. Ine ndinakwerapo phiri wapansi, nkhungu itaphimba mitengo ya paini, chifukwa ndinamva kuti mlonda wina ankavundikira ndowa ya madzi ndi mbale. Zinali zoona. Ndinaipeza pandowa pomwepo, ndinaipukuta ndi malaya anga, n'kutsika nayo nditaikumbatira. Inali yofanana ndi ina imene a Makwinja anali nayo, bandi yomweyo, nyimbo zomwezo. Kusiyana kwake, yawo inali yosalala, pamene yanga inakalika malo amodzi ku mbali yachiwiri. Woimba lipenga akangomaliza gawo lake munkamva tha, tha, tha, tha, kanayi. Che Saidi anakupatsa dzina kukalikako, ati ndi wang'oma wa a Malunga, ndipo malo amenewo akafika ankaomba m'manja kanayi, tonse n'kuseka.

Tinali ndi mwambo umene tinkautcha kugoneka mbale. Pobalalika, aliyense ankatenga mbale imodzi ya mnzake kuti ikagone kwake sabata imodzi, aimvere bwino, akafuna aijambule pa kaseti. Sitinkalemba paliponse. Kulemba kukanakhala kutukwanana.

Koma mudziwenso ichi. Tonse tinakula nthawi ya chipani chimodzi, pamene amuna anayi akakhala pamodzi, aliyense ankaganiza kuti mmodzi mwa atatu enawo ndi khutu la boma. Zipani zambiri zitabwera pakamwa panamasuka, koma mwa ena a ife chizolowezi chija chinatsala. Ukakayikira munthu sumufunsa. Umangomuyang'ana, n'kusunga mumtima.

Ndinagoneka mbale yanga ina kwa a Chipojola. Itabwera inkalira ngati muli mchenga. Ndinaiyang'ana padzuwa, ndipo inandionekera yotuwa kuposa mmene ndinkaidziwira. Ndinakumbukira kuti iwo ananenapo kuti ali ndi yonga yomweyo kwinakwake m'makatoni awo. Basi, mlandu ndinaweruza ndekha: andisinthira. Sindinawafunse. Loweruka ndinawapatsa moni ngati kale.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Ndinayamba kuboola kadontho ndi singano pa pepala la pakati pa mbale yanga iliyonse. Ndinagula bokosi lachitsulo ndi loko. Wina akagwira mbale pakhonde paja, maso anga ankakhala pa zala zake, nyimbo osaimvanso. Kenako ndinadziuza kuti ngati onse akusinthana mobisa, ndiye kuti chitsiru ndine ndekha. Ndinatenga mbale yosalala ija ya a Makwinja kuti ikagone kwathu, ndipo sabata itatha ndinawabwezera yanga yokalika m'chikuto chawo.  Ndinkadziwa kuti iwo amakonda mbali yoyamba, yachiwiri saiika kawirikawiri.

Zina zimene ndinkasirira ndinalibe zofanana nazo zoti ndisinthe. Ndiye kuntchito ndinkadula katoni yolimba mozungulira, kukula kwake ngati mbale. Anzanga akalowa m'nyumba kukamwa tiyi, ndinkatsalira pang'ono pakhonde ngati ndikumanga nsapato, n'kusolola mbale, n'kulowetsa katoni. Chikuto chinkaoneka chodzaza. Mwa njira imeneyi ndinatenga zisanu ndi imodzi, zinayi za a Makwinja, ziwiri za a Chipojola, amene ankasunga zina zawo komweko.

Loweruka lina a Makwinja anasolola katoni m'malo mwa mbale. Anafufuza mulu wonse mpaka zidutswa zonse zinapezeka. Tsiku limenelo Che Saidi kunalibe, anali kumaliro.

"Pakhonde pano pamakhala anthu anayi basi," anatero a Makwinja. "Wandichita zimenezi pakhomo panga ndani?"

A Chipojola anandiyang'ana, ine ndinayang'ana iwo. Ndinatola chidutswa chimodzi, ndinachitembenuza bwinobwino ngati ndikuchiona koyamba.

"Ine sindikutchula munthu," ndinatero. "Koma wadula apayu, dzanja lake linazolowera sizasi."

Sindinawonjezere kanthu, ndipo sipanafunike. A Chipojola anakumbukira chikwama chachikulu chija. A Makwinja anakumbukira kuti Che Saidi ndiwo anali ndi mbale zochepa pa tonsefe. Ndinenenso poyera pamaso panu, Akhristu anzanga: Che Saidi anali okha a chipembedzo china pakati pathu, ndipo zimenezo zinatithandiza kukhulupirira msanga.

Loweruka lotsatira a Makwinja anawaimitsa pa geti.

"Che Saidi, lero musalowe. Pali zinthu zasowa."

"Zasowa bwanji, akulu?"

Anawaonetsa katoni ija. Che Saidi anaiyang'ana, anatiyang'ana tonse, kenako anakhuthula chikwama chawo pafumbi pomwepo: madiresi a anthu, choko, tepi yoyezera, sizasi.

"Onani. Kapena ndivulenso malaya?"

"Si za lero," anatero a Chipojola. "N'zakale."

"A Malunga, inunso?"

Ine ndinayang'ana pansi. Anatola zinthu zawo chimodzichimodzi, akuzisasa fumbi, n'kukwera njinga.

Nkhani inayenda yokha, pakamwa ndi pakamwa. Pofika ku Songani sizinalinso mbale. Zinali wayilesi, mawotchi, nsalu za anthu. Ndipo telala amadya chifukwa anthu amamusiyira nsalu zawo n'kumapita. Akaleka kumusiyira, watha.

Ine mbale zija sindinadyerere nazo. Kuziika pa kagalamafoni kanga ndinkaopa kuti a nyumba yoyandikana amva. Ndinazitsekera m'bokosi pansi pa bedi. Popita kuntchito ndinkaika ulusi pa loko, ndikabwera n'kuona ngati wasuntha. Tsiku lina unasuntha. Ndinakalipira mkazi wanga, a Nangondo, amene anangosesa m'chipindamo. Ndinawafunsa kuti awatuma ndani. Ndinafika pofufuza m'chikwama chawo cha kutchalitchi. Atapirira miyezi iwiri anapita kwawo ku Jali, ati akathandize kupalira, ndipo kupalira kutatha sanabwere. Chinyezi cha Zomba nthawi ya mvula mukuchidziwa. Mbale imafuna mpweya. Zimenezi zinakhala zotsekeredwa dzinja lonse, ndipo nditatsegula ndinapeza zachita chuku.

Pakhonde paja tinatsala atatu, aliyense mbale zake zili pamiyendo. Kugoneka mbale kunatha popanda wokuthetsa. Maso a a Makwinja anali atayamba kufooka ndi matenda a shuga, ndiye singano ankaika ndi a Chipojola. Loweruka lina a Makwinja anati, "Aphunzitsi, tatembenuzani iyo. Mbali yachiwiri ndinaimva kalekale."

Inali mbale ija. Ndinaidziwa ndi chikuto. Nyimbo yoyamba inadutsa. Yachiwiri inayamba, lipenga linakwera, linatsika, linamaliza.

Tha, tha, tha, tha.

Ndinali nditanyalanyaza chinthu chimene wosonkhanitsa mbale aliyense amachidziwa. Mbale ziwiri zikhoza kufanana chikuto ndi nyimbo, koma iliyonse imakalika mwa yokha. Anthu awa anali atamva wang'oma wangayo zaka zambiri.

Palibe anaomba m'manja.

"Ibwezereni," anatero a Makwinja.

A Chipojola ananyamula singano n'kuibwezera m'mbuyo. Lipenga linamalizanso. Tha, tha, tha, tha.

 A Makwinja anatembenuzira nkhope kumene ndinakhala, ngakhale sankandiona bwino. Ndinadikira. Ndiye a Chipojola anadzimenya pantchafu.

"Taonani ukathyali wa munthu uja! Anatenga ya a Malunga n'kuika muno, yanu yosalala n'kupita nayo. A Malunga, chikuto chanu mwachitsegula posachedwapa? Mukapezamo katoni, ndikukuuzani."

Mpata wonena zoona unali pamenepo.

"Zikuoneka choncho," ndinatero. "Ndikaona kunyumba."

 A Makwinja anangoti galamafoni izimitsidwe, mutu ukuwapweteka.

Abale anga, pansi penipeni panali pamenepo. Si tsiku limene ndinaba. Ndi tsiku limene mbale yanga yomwe inandiulula, ine n'kusenzetsanso munthu yemwe uja.

Lolemba ndinanamizira kudwala kuntchito, n'kukwera minibasi ya ku Songani. Musaganize kuti ndinkapita kukalapa. Ndinkafuna kudziwa ngati a Makwinja atumiza uthenga kwa Che Saidi, ngati awiriwo akunditchera msampha.

Ndinawapeza pakhonde la sitolo pamene amasokera. Kale chingwe cha pakhondepo chinkadzaza madiresi ndi mayunifolomu. Tsiku limenelo panali thalauza limodzi lokha, ndipo iwo ankaika chigamba pa thumba la chimanga.

"A Malunga! Mwasochera kodi? Khalani, khalani." Anathamangira m'sitolo n'kunditulutsira mpando. "Akulu aja ali bwanji? Akadanenabe kuti ng'oma imaguba?"

"Akadanenabe."

"Nanga wang'oma wanu?" Anaomba m'manja kanayi, n'kuseka.

 Ndinayang'anitsitsa nkhope yawo, kufuna pamene pabisala msampha. Panalibe.

"Ndimasoka ndikuganiza," anapitiriza, mwendo ukupondaponda makina. "Anadula makatoni aja ndani? Akulu aja sangadzibere okha. Mwina aphunzitsi, pepani kunena. Ndaganizira aliyense, ngakhale mayi a pakhomo paja, Mulungu andikhululukire. Inu nokha sindinakuganizireni. Munthu woti mumapukuta mbale ndi malaya anu."



Kenako kunabwera mayi wina ndi chitenje chatsopano. Moni wake unali wa theka. Anatambasula nsaluyo n'kuyamba kuiyeza ndi mkono, kuchokera pamphuno mpaka kunsonga ya zala, akuwerenga mokweza kuti a m'sitolo amve. Atamaliza anayezanso. Ndiye anatulutsa bolopeni n'kulemba kamtanda pa ngodya zonse zinayi.

"Zotsala ndidzazifuna, Che. Ndidzayezanso."

"Palibe vuto, mayi."

"Ndabwera chifukwa telala winayo yamuchulukira ntchito. Musaone ngati sindinamve."

"Ndamva, mayi."

Analandira nsaluyo ndi manja awiri. Mayiyo atachoka, Che Saidi sanandiyang'ane. Anaipinda pang'onopang'ono, ngodya ndi ngodya.

"Ameneyu diresi la ukwati ndinamusokera ndine," anatero.

Kamtanda kaja ndinakazindikira. Kanali kadontho kanga ka singano, kanali ulusi wanga wa pa loko. Matenda anga anali atafika ku Songani ine ndisanafike, ndipo amene ankazunzika nawo anali munthu amene anangonditulutsira mpando.

"A Malunga, ndikupempheni kanthu," anatero. "Inu anthu amakukhulupirirani. A hedi a sukulu ya apa analeka kundipatsa mayunifolomu. Mutapita nane, mukangonena kuti mumandidziwa, kuti sindine munthu wotero. Mawu awiri okha."

"Ndidzabwera," ndinatero.

Ndinaimirira n'kuyenda mpaka pa siteji. Minibasi inabwera, kondakitala anandikoka mkono, ndinakana. Inabwera ina, ndinakananso. Ndinaima padzuwa ndikuyang'ana khonde lija chapatali, munthu ataweramira makina. Sindinamve liwu lililonse lochokera kumwamba. Ndinangoona kuti ndikakwera, ndidzabweradi tsiku lina, ndidzavala tayi, ndidzauza a hedi kuti Che Saidi ndi munthu wabwino, Che Saidiwo adzandithokoza ndi manja awiri, ndipo ndidzakhala chomwecho mpaka kufa.

Ndinabwerera.

"Che Saidi, makatoni aja ndinadula ndine."

Makina anaima. Anadzutsa mutu.

"Nenaninso."

Ndinanenanso.

"Za sizasi zija ndinamva kuti zinanenedwa. Ananena ndani?"

"Ndine."

Sanakuwe, sanatukwane. Ananyamula mpando uja n'kuubwezera m'sitolo. Atatuluka anati, "Pitani. Loweruka ndidzaima pa geti paja. Mudzanenere pomwepo."

M'mawa mwake ndinapita ku Jali. A Nangondo anandimvera ataima, khasu lili m'manja.

"Mbale?" anatero. "Ine nthawi yonseyi ndimaganiza kuti m'bokosimo muli zizimba, mwayamba kukhwima. Kapena makalata a mkazi wina. Mbale, bambo?"

Sanaseke. Anati adzabwera ndikabweza zonse, ndipo loko adzataya okha. Anachitadi zimenezo patapita milungu itatu. Ali m'chimbudzi lokoyo.

Mbale zija ndinazitsuka imodziimodzi ndi madzi ndi kasopo pang'ono, nsalu yofewa ikutsata mizere, n'kuziyanika pamthunzi. Zisanu zinachira. Ziwiri zinali zitaonongeka moti singano inkangolira mchenga.

Loweruka ndinakweza bokosi pa kabaza, ine ndikutsatira pa ina. Che Saidi ndinawapeza ataima kale kunja kwa geti. Anakana kulowa, ndiye a Makwinja ndi a Chipojola anatuluka. Ndinatsegula bokosi pamsewu pomwepo, ndinatchula mbale iliyonse ndi mwini wake, ndi mmene ndinaitengera. Za ziwiri zoonongeka ndinati eni ake asankhe okha m'mulu wanga zimene akufuna. A Chipojola anatukwana m'Chingerezi. A Makwinja anagwira geti.

"Ndinamva tsiku lija," anatero. "Khutu langa silinadwale shuga. Koma ndikanavomera kuti ndi inu, ndikanavomeranso kuti ndinathamangitsa munthu wosalakwa pakhomo panga. Ndiye ndinati mutu ukundipweteka. Che Saidi, pepani. Lowani."

Che Saidi anasuzumira m'bokosi.

"Mbale zabwera," anatero. "Dzina langa lili momwemu?"

Anaweramuka n'kutiyang'ana tonse.

"Ndiye tsiku la msika mubwere ku Songani. Nonse atatu."

Tinapita. A Makwinja tinachita kuwagwira mkono potsika minibasi. Ndinaima pakhonde la sitolo lija anthu atadzaza, ndinatchula dzina langa ndi kumene ndimakhala, n'kunena kuti wakuba ndine, telala sanabe kanthu. Ndinanena m'mawa, ndinanenanso masana anthu atasintha. Kwa a hedi tinapitanso, ndipo anati aganiza. Ena anabwera kudzagwira Che Saidi chanza. Koma ndinamvanso wina kumbuyo akuti, "Amulemba ganyu ameneyo." Wina anati, "Anali limodzi, angoyambana pogawana." Bodza ndinalinena kamodzi, motsitsa mawu, pakhonde la anthu atatu. Zoona ndazikuwa pamsika, ndipo sizinalipezebe bodzalo.

A Chipojola ndinawafunsa pomaliza funso limene ndinayenera kuwafunsa pachiyambi, ngati anandisinthira mbale yanga ija.

"Ndinabweza yomweyo," anatero. "Mwina singano yanga inali yotha. Ndiye zonsezi n'chifukwa cha zimenezo?"

Kaya ananena zoona, kaya ayi, mpaka lero sindidziwa. Mtima wanga ukadali ndi chizolowezi chake, umafunabe kufufuza. Ndimaulola ufunse, koma sindiulolanso uweruze wokha.

Masiku ano mbale zanga zonse zimakhala kwa a Makwinja. Ndinawapempha ndekha. Loweruka ndimapita chimanjamanja, ndipo tiyi akafika ndimayamba kulowa m'nyumba ndine. A Chipojola amawerengabe mbale zawo ndikamachoka. Amachita mobisa, koma ndimaona, ndipo sindiwaimba mlandu. Che Saidi sanabwererenso. A Makwinja amawatumizira makaseti, iwo amalandira, koma njinga yawo pa geti paja sinaimenso.

Ngati pali wina muno amene wasunga chikayiko pa mnzake, kaya ndi cha khasu, kaya cha foni, kaya cha mkazi, amufunse lero, ndi pakamwa. Akhoza kukunamizani, inde. Komabe bodza lake n'lopepuka kuposa zimene mudzachite inu mukakhala chete. Ndipo ngati mwatenga kale kanthu, kubweza katundu ndi mbali yosavuta, imatheka ndi kabaza imodzi. Funsani kuti wasenza mlandu wanu ndani, n'kupita kulikonse kumene dzina lake linaipa.

Mwezi watha ndinali mu minibasi yochokera ku Malosa. Tikudutsa pa Songani, mayi wina kumbuyo kwanga ankalangiza mnzake: "Kwa telala wakuba uja musapiteko."

Ndinatembenuka. "Mayi, pepani. Wakubayo ndine. Telalayo sanabe kanthu."

Anandiyang'ana kuyambira tayi mpaka nsapato, n'kukokera chikwama chake pachifuwa.

"Ndinu m'bale wake?"

"Ayi."

"Nanga akupatsani zingati?"

N'chifukwa chake ndaima pano. Ena a inu muli ndi abale ku Songani. Ena mwina nkhaniyi munaimva, n'kuipatsira wina osaganiza kanthu. Lero mwaona nkhope ya amene anadula makatoni, ndipo mukawauze a kwanu kuti mwaiona ndi maso anu. Che Saidi sanandipemphe kuti ndidzanene izi kuno, ndipo moni wanga amayankhabe ndi mutu wokha. Amasokera pakhonde lomwe lija, moyang'anana ndi siteji. Mukakhala ndi nsalu, pitani nayo. Mukafika, musaiyeze pamaso pawo.